Momwe Mungakhazikitsire Matimu a Basiketibolo a Anyamata ndi Atsikana pa Yunivesite

Pa masukulu ambiri a ukachenjede m'dziko muno pamakhala bwalo la simenti kufupi ndi mahositelo, pomwe madzulo alionse pamamveka mpira ukudunda kufikira mdima utagwa. Mukayandikira mumapeza kuti amene akusewera ndi anyamata, ndipo atsikana, ngati alipo, akhala m'mbali kudikira kuti mwina bwalo lipezeka. Kalata yoitanira sukulu ku mpikisano ikafika, m'pamene pamayamba piringupiringu wofunafuna atsikana oti avale majezi, ambiri a iwo obwerekedwa ku timu ya ntchemberembaye kutangotsala sabata imodzi. Malangizo awa ndalembera ophunzira, aphunzitsi ndi akuluakulu a zamasewero amene akufuna kuti pasukulu pawo pakhale matimu awiri enieni. Ndinene poyambirira pomwe kuti timu ya atsikana imene mwaiika padera n'kunena kuti mudzaiona m'tsogolo siimadzuka, choncho gawo lililonse m'munsimu muzilichitira matimu onse awiri pa nthawi imodzi.

Choyamba, lembetsani kalabu imodzi yokhala ndi matimu awiri

Sonkhanitsani ophunzira ochepa amene ali ndi chidwi chenicheni, asanu kapena asanu ndi awiri, ndipo atsikana akhalepo kuyambira pa msonkhano woyamba. Lembani malamulo a kalabu pa masamba awiri kapena atatu, ofotokoza cholinga chanu, maudindo, kasankhidwe ka atsogoleri, chopereka cha membala pa simesita, ndiponso m'mene ndalama zizitulukira. Mukamaliza mupite nawo ku bungwe la ophunzira ndi ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira, chifukwa kalabu yosalembetsedwa singapemphe basi ya sukulu, singalandire gawo la ndalama za masewero, ndipo singalembere osewera ake kalata yowapepesera m'kalasi pa tsiku la ulendo.

M'malamulowo muike mfundo zitatu zimene zidzakutetezeni m'tsogolo. Wapampando akakhala mnyamata, wachiwiri wake akhale mtsikana, ndipo akakhala mtsikana, wachiwiri wake akhale mnyamata. Ndalama zisatuluke makaputeni onse awiri asanasaine. Bajeti izilembedwa m'mizere iwiri yoyandikana, kuti aliyense woiwerenga aone pomwepo zimene timu iliyonse yalandira.

Wina akadzati zimenezi n'zochulutsa, mukumbutseni kuti lamulo la Gender Equality Act la 2013 limafuna kuti mwa ophunzira 100 alionse olowa m'masukulu a ukachenjede, amuna kapena akazi asachepere 40, ndiponso kuti mtsikana amalipira fizi yofanana ndi ya mnyamata, pamodzi ndi gawo limene limapita ku masewero. Komanso atsikana si alendo m'masewerowa. James Naismith anawayambitsa mu Disembala 1891 ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts ku America, ndipo chaka chotsatira Senda Berenson anali akuphunzitsa kale atsikana a pa Smith College. Ku America komweko, ngakhale lamulo la Title IX loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma linakhazikitsidwa mu 1972, mu Malichi 2021 wosewera wa University of Oregon, Sedona Prince, anaonetsa dziko lonse kanema wa kashelefu kamodzi ka zitsulo zolimbitsira thupi kamene matimu a atsikana anapatsidwa pa mpikisano wa NCAA, bungwe la masewero a m'mayunivesite a kumeneko, ku San Antonio, pamene anyamata anali ndi chipinda chachikulu chodzaza zipangizo. Ngati zoterezi zinachitika kumene kuli lamulo ndi chuma, kwathu kuno zidzachitika mosavuta ngati simunazitseke pa pepala.

Chachiwiri, yezani bwalo ndi kulikonza

Tengani tepi yoyezera ndipo musadalire maso. Bwalo lovomerezeka ndi FIBA, bungwe loyendetsa basiketibolo pa dziko lonse, ndi la mamita 28 m'litali ndi mamita 15 m'lifupi, ndipo kuzungulira konse pafunika danga la mamita 2 lopanda mabenchi, ngalande kapena mtengo. Ringi ikhale pa msinkhu wa mamita 3.05 kuchokera pansi, bolodi ikhale ya mamita 1.80 ndi 1.05, mzere wa mapointi atatu ukhale mamita 6.75 kuchokera pansi pa pakati pa ringi, ndipo mzere wa free throw, pamene wochitiridwa faulo amaponyera mpira popanda womutchinga, ukhale mamita 5.80 kuchokera ku mzere wa kumapeto kwa bwalo. Miyeso imeneyi ndi imodzimodzi kwa anyamata ndi atsikana. Mabwalo ambiri akale anajambulidwa mzere wa mapointi atatu uli pa mamita 6.25, FIBA isanausunthe mu 2010, choncho ngati bwalo lanu ndi lakale, liyezeni ndi kulipentanso. Ndinaonapo timu ya pa koleji ina imene inakhala simesita yonse ikuponyera pa ringi yoweramira pansi, ndipo itapita kukasewera kwina mipira yake yambiri inkangogunda kutsogolo kwa ringi, osewerawo osadziwa chimene chawachitikira.

Tsekani ming'alu ya simenti mvula isanayambe, kolopani ndere zimene zimamera m'makona, ndipo mizati ya mabolodi muikulunge ndi siponji ya matiresi akale yomangidwa bwino, chifukwa wothamangira layup, kutanthauza kudumpha n'kuponya mpira ali pafupi ndi ringi, saona mzati. Ngati sukulu ikumanga bwalo latsopano, pemphani kuti litalike kuchokera kumpoto kupita kumwera, kuti dzuwa la madzulo lisamathobwe m'maso timu imodzi, ndipo pemphaninso magetsi owunikira, pa chifukwa chimene ndifotokoze m'gawo lachinayi.

Chachitatu, gulani mipira ya masaizi awiri

Anyamata amasewera ndi mpira wa saizi 7, atsikana wa saizi 6, umene ndi wocheperako ndiponso wopepukirapo. Kugula mipira ya saizi 7 yokhayokha n'kuuza atsikana kuti azigwiritsa ntchito yomweyo ndiko kulakwitsa kumene kumachitika kawirikawiri, ndipo zotsatira zake n'zakuti mtsikana amazolowera kukankha mpira kuchokera pachifuwa m'malo mouponya ndi dzanja limodzi. Timu iliyonse iyambe ndi mipira isanu kapena isanu ndi umodzi, ya labala kapena yopangidwira panja, popeza ya chikopa imaperepeseka msanga pa simenti. Onjezani pampu ndi masingano ake, mawisulo, makoni, maneti, ndi bokosi la chithandizo choyamba. Majezi akhale a mitundu iwiri, owala ndi akuda, okhala ndi nambala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo a atsikana asokedwe pa miyeso yawo, asakhale otsala a anyamata a chaka chatha. Kuyambira mu Okutobala 2017 malamulo a FIBA amalola wosewera kuvala chophimba kumutu, choncho mtsikana wachisilamu asabwezedwe chifukwa cha hijabu.

Chachinayi, gawani nthawi ya pabwalo ndipo muilembe

Apa m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupemphani kuti musapadutse mothamanga. Makalasi ambiri amatha cha m'ma 4 kapena 5 koloko, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, kutanthauza kuti pa bwalo lopanda magetsi nthawi yabwino yochitira masewero singapitirire maola awiri pa tsiku. Popanda ndondomeko yolembedwa, nthawi imeneyo imatengedwa ndi amene ali ambiri ndi amphamvu, ndipo atsikana amatsala ndi m'bandakucha, masana dzuwa likuswa mtengo, kapena mdima. Mtsikana amene akukhala m'nyumba za lendi kunja kwa sukulu sangapitirize kubwera ngati masewero akutha usiku ndipo ayenera kuyenda yekha pa njira yamdima. Adzabwera kawiri kapena katatu kenako adzasiya, ndipo anthu adzayamba kunena kuti atsikana alibe chidwi, chonsecho vuto ndi wotchi.

Chitani motere. Gawani masiku a sabata kuti timu imodzi itenge nthawi yoyambirira Lolemba ndi Lachitatu, inayo Lachiwiri ndi Lachinayi, ndipo simesita yotsatira musinthane. Lachisanu matimu onse achitire pamodzi zoponya mpira ndi zolimbitsa thupi, aliyense ku theka lake la bwalo. Ophunzira ena ongofuna kusewera mocheza muwapatse nthawi yawo Loweruka ndi Lamulungu madzulo, ndipo muwauze mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo kuti nthawi ya timu ikakwana achoke pabwalo. Ndondomekoyi isainidwe ndi mkulu wa zamasewero, imatidwe pa mzati wa pabwalo ndi pa bolodi la zidziwitso, ndiponso itumizidwe pa gulu la WhatsApp la kalabu. M'sabata ziwiri zoyamba kaputeni wa anyamata azipezeka pabwalo pa nthawi ya atsikana kuti iye mwini achotse anzake, pakuti lamulo limene mtsogoleri wa anyamata walitsata poyera ndi limene limakhazikika. Pa nyengo ya mvula, kuyambira Disembala mpaka Malichi, pemphani holo kapena khonde lalikulu la masiku amene bwalo lanyowa, ndipo nalonso ligawidwe mofanana.

Chachisanu, sankhani osewera

Lengezani tsiku loyesa osewera m'sabata imene ophunzira a chaka choyamba akulandiridwa, asanagwidwe ndi makalabu ena, ndipo chidziwitsocho chinene momveka kuti amene sanasewereko ndi olandiridwa. Pa masewero ovomerezeka timu imalembetsa osewera osapitirira 12, asanu ali m'bwalo, koma inu musunge 15 kapena 18, chifukwa ena adzapita ku ntchito zoyeserera za maphunziro awo, ena adzadwala, ndipo ena adzaimitsa sukulu kaamba ka fizi. Samalani kuti timu isadzaze ndi a chaka chomaliza okhaokha, kuopa kuti onse angadzachokere limodzi.

Anyamata ambiri amabwera atasewerako ku sekondale kapena m'mabwalo a m'tauni, ndipo ntchito yaikulu kwa iwo ndi kuwachotsa chizolowezi chofuna kuonekera payekha, kuti aphunzire kupatsirana mpira ndi kutchinga. Kumbali ya atsikana, chuma chathu chili mu ntchemberembaye, imene pafupifupi mtsikana aliyense wa m'Malawi anaiseweako ku pulayimale, ndipo ndi masewero amene anatchukitsa dziko lino kudzera m'timu ya Malawi Queens. Mtsikana wochokera kumeneko amadziwa kale kuwakha mpira, kuupereka molunjika, kuzungulira pa phazi limodzi ndi kudzipezera mpata, ndipo ringi ya ntchemberembaye ilinso pa msinkhu wa mamita 3.05. Zimene akusowa n'zodziwika. Sanazolowere kudunda mpira uku akuthamanga, sanaponyerepo mpira pa bolodi, amaima nji akangoulandira, ndipo potchinga amasiya danga la masentimita 90 limene malamulo a ntchemberembaye amafuna, pamene kuno wotchinga amayandikira ndithu. Choncho m'sabata zisanu ndi imodzi zoyamba, theka la nthawi yawo lipite ku kudunda mpira ndi dzanja lamanja ndi lamanzere, layup ya mbali zonse ziwiri, ndi kulimbirana mpira umene wabwerera kuchokera pa ringi. Kambiranani ndi mphunzitsi wa ntchemberembaye kuti masiku anu asawombane, popeza kulimbirana osewera kumafooketsa matimu onse awiri.

Chachisanu ndi chimodzi, pezani mphunzitsi ndi kuika malire

Ngati ndalama zikulola mphunzitsi mmodzi yekha, mgwirizano wake unene kuti ndi wa matimu onse awiri ndipo utchule maola a timu iliyonse. Funsani ku bungwe la Basketball Association of Malawi za maphunziro a aphunzitsi ndi oyimbira, ndipo mukapeza mwayi mutumizeko mnyamata ndi mtsikana. Chizolowezi chopereka timu ya atsikana kwa wosewera wina wa timu ya anyamata kuti aziiphunzitsa akapeza mpata ndi choipa, chifukwa tsiku limene matimu onse ali ndi masewero iye adzasankha timu yake.

Pa nkhani ya ulemu ndi chitetezo musachite manyazi kulemba zinthu poyera. Mphunzitsi asakhale pa chibwenzi ndi wosewera wake, asaitanire wosewera kunyumba kapena kuchipinda kwake, ndipo pa ulendo uliwonse wogona pakhale mayi wogwira ntchito pasukulupo woperekeza atsikana. Wosewera aliyense adziwe ofesi imene angakadandaule popanda kudzera kwa mphunzitsi kapena kaputeni, ndipo nambala ya ofesiyo ilembedwe pa pepala lomwelo la ndondomeko ya pabwalo.

Chachisanu ndi chiwiri, konzani masewero olimbitsa thupi ndi kupewa kuvulala

Masewero a FIBA ali ndi makotala anayi a mphindi 10, timu ili ndi masekondi 24 oti iponye mpira ndi masekondi 8 oti iwoloke pakati pa bwalo, ndipo wosewera akachita mafaulo asanu amatuluka. Malamulo amenewa akusonyeza kuti mufunika osewera opirira kuthamanga mobwerezabwereza ndiponso benchi yodalirika, choncho musamangophunzitsa asanu oyamba. Tsiku la mphindi 90 mungaligawe chonchi: mphindi 15 zotenthetsa thupi, 30 za luso la munthu payekha, 25 za kaseweredwe ka timu, 15 zosewera ngati pa mpikisano, ndipo zotsalazo aponye ma free throw ali otopa, chifukwa ndi m'mene amawaponyera pa masewero enieni.

Kuvulala kofala kwambiri ndi kubinya kakolo. Wobinya asiye kusewera, aikepo ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 kapena 20, amange bandeji ndi kukweza phazi, ndipo ngati akulephera kuponda n'kuyenda mapazi anayi apite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kuduka kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL kumachitikira atsikana kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo chithandizo chake n'chodula ndiponso chotenga miyezi yambiri. N'chifukwa chake mphindi zotenthetsa thupi zija zisangokhala zothamanga mozungulira bwalo, koma muikemo kudumpha ndi kutera mawondo atapindika osagwera m'kati, kuima ndi mwendo umodzi, ndi kulimbitsa ntchafu ndi m'chiuno. M'bokosi la chithandizo mukhalenso mapadi a msambo, ndipo amene akutentha thupi akayezetse malungo m'malo mobwera pabwalo. Mu Okutobala ndi Novembala chigubu cha madzi akumwa chisasowe.

Chachisanu ndi chitatu, tetezani maphunziro

Wosewera amene wachotsedwa sukulu chifukwa cholephera mayeso wataya zonse, ndipo timu nayo yataya. Kumayambiriro kwa simesita tengani kalendala ya sukulu, chepetsani masewero kukhala kamodzi pa sabata kutatsala sabata ziwiri kuti mayeso ayambe, ndipo musavomere ulendo pa nthawi ya mayeso. Amene zotsatira zake zatsika apumitsidwe maulendo kufikira atakonza, ngakhale akhale womwetsa zigoli wamkulu.

Chachisanu ndi chinayi, lowani m'mipikisano pang'onopang'ono

Yambirani pasukulu pomwepo ndi mpikisano wa 3x3 wa pakati pa mahositelo kapena magawo a maphunziro. Umaseweredwa pa theka la bwalo, timu imakhala ya anthu anayi, atatu m'bwalo ndi mmodzi wolowa m'malo, ndipo masewero amatha pa mphindi 10 kapena timu ina ikafika mapointi 21. Mtundu umenewu unalowa m'masewero a Olimpiki ku Tokyo, ndipo ndi wothandiza kwambiri pamene atsikana akadali ochepa, popeza asanu ndi atatu okha akwanira kupanga masewero.

Kenako konzani masewero apaubale ndi masukulu oyandikana nawo, kuti ndalama ya ulendo ichepe. University of Malawi ku Zomba ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, kumene kuli MUBAS ndi KUHeS, ndipo MUST ili ku Thyolo, kotero masukulu amenewa angathe kuchezerana n'kubwerera tsiku lomwelo. LUANAR ili ndi anzake ambiri mu Lilongwe, pamene Mzuzu University iyenera kukonzekera msanga, popeza ulendo wa ku Lilongwe ndi wa makilomita oposa 350. Matimu akakhwima, alembetseni ku masewero a TESSAM, bungwe la masewero a m'masukulu a ukachenjede, ndi ku ligi ya m'chigawo chanu, monga SOZOBAL kumwera kapena CEZOBAL pakati, koma musanalembetse werengerani ndalama za ulendo uliwonse ndi za oyimbira, chifukwa kulephera kufika pa masewero kumaononga mbiri ya sukulu.

Lamulo lanu likhale lakuti basi imanyamula matimu onse awiri ndipo masewero amachitika tsiku limodzi, motsatizana. Musamaike atsikana m'mawa nthawi zonse anthu asanabwere. Sinthanani, kuti sabata ina iwo ndiwo atsekere tsiku. Ena adzati anthu sakonda kuonera atsikana, koma ku America mu 2024 masewero omaliza a NCAA a atsikana, pakati pa South Carolina ndi Iowa, anaonedwa pa kanema ndi anthu pafupifupi 18.9 miliyoni, kuposa 14.8 miliyoni amene anaonera a anyamata. Phunzitsaninso ophunzira anayi kapena asanu ntchito ya patebulo, yolemba zigoli ndi mafaulo ndi yosunga nthawi, ndipo timu imene sikusewera ikhale m'mbali kuchemerera inzake.

Chakhumi, sungani kaundula ndi kusiyira otsatira

Ndalama ya sukulu simakwana, choncho lemberani ophunzira akale amene anasewerapo, ndipo pitani kwa amalonda ozungulira sukulu ndi kalata yonena chinthu chenicheni chimene mukufuna, monga majezi 24 kapena mafuta a ulendo umodzi, osati thandizo losatchula dzina. Wothandiza akafuna kuveka timu ya anyamata yokha, mufotokozereni kuti kalabu yanu ndi imodzi ndipo dzina lake lidzaoneka pa matimu awiri. Malisiti onse asungidwe, ndipo kumapeto kwa simesita msungichuma awerenge lipoti pamaso pa osewera onse.

Chisankho cha atsogoleri atsopano chichitike simesita yomaliza ya chaka isanathe, akale akadalipo, ndipo wachiwiri kwa kaputeni aliyense akhale wa chaka chachiwiri kapena chachitatu. Pa tsiku losiyirana udindo werengani mipira ya saizi 6 ndi ya saizi 7, majezi, pampu ndi makiyi a sitolo pamaso pa mkulu wa zamasewero, ndipo perekani kwa atsopanowo fayilo yokhala ndi malamulo a kalabu, mayina a osewera, manambala a oyimbira ndi a matimu anzanu, pamodzi ndi ndondomeko ya pabwalo ya simesita ikubwerayo itasainidwa kale, yosonyeza timu imene ikuyenera kutenga nthawi yoyambirira Lolemba.